Wodwala khansa akafuna kuyambiranso kudzichitira zinthu, mupite naye kwa ndani?

Azakhali anga atachotsedwa bere lakumanja, chilonda chinapola bwino ndipo tonse mitima inakhala pansi. Kemo, mankhwala amphamvu olimbana ndi khansa, inatha, tsitsi linayamba kumeranso. Koma kunyumba kunatsala vuto lomwe palibe aliyense wa ife analiyembekezera. Mkono sunkakwera kupitirira phewa. Kumanga duku kunali kwa misozi, kuvundula nsima kunali kosatheka, ndipo nsonga za zala zinali ndi dzanzi moti mabatani a bulauzi ankawakanika. Ife, chifukwa chowakonda, tinawalanda zonse: kuphika, kusesa, kutunga madzi, ngakhale kusankha ndiwo za tsikulo. Tsiku lina madzulo tili pakhonde anandiuza kuti, "Mwananga, mwandisandutsa mlendo pakhomo panga pomwe."

Mawu amenewo ndi amene anandiyendetsa m'makonde a zipatala kufunsa ngati pali munthu amene ntchito yake ndi kubwezera wodwala zomwe khansa yamulanda pa moyo wa tsiku ndi tsiku. Alipo. Ntchito yake imatchedwa occupational therapy, ndipo kuchipatala amangoti OT. Dzinali limasocheretsa, ena amaganiza kuti ndi ofesi yopezera anthu ganyu. "Ntchito" yomwe akunena ndi chilichonse chodzaza tsiku la munthu: kusamba, kuvala, kupita kuchimbudzi, kuphika, kulima kudimba, kusoka, kupita kutchalitchi kapena kumzikiti, ndipo kwa mwana, kusewera ndi sukulu. Vuto ndi lakuti anthu a OT ndi ochepa kwambiri m'Malawi, choncho banja limayenera kusankha pakati pa njira zingapo, ndipo njirazo sizilingana.

Wa OT weniweni

Chomwe chimamusiyanitsa ndi funso lake loyamba. Iye amayamba ndi kufunsa zomwe mumachita kuyambira podzuka mpaka pogona, ndi zomwe mwa izo zikukukanikani. Kenako amafuna kuona ndi maso: gwirani supuniyi, valani malayawa, dzukani pampandopa. Akaona, ali ndi zinthu zitatu zomwe angasinthe. Angalimbitse thupi lenilenilo, angasinthe kachitidwe ka ntchitoyo, kapena angasinthe chipangizo ndi malo. Kwa azakhali, chithandizo choyamba chinali chaching'ono moti ndinachita manyazi kuti sitinachiganize tokha: povala, yambani kulowetsa mkono wodwalawo, povula, muutulutse pomaliza.

Wa OT amathanso kuumba kachitsulo kapena kapulasitiki kogwira dzanja lomwe likupinda, kuphunzitsa kasamalidwe ka mkono wotupa, ndi kuthandiza munthu yemwe kemo yamusiya ndi kuiwalaiwala kuti adziwe kusunga nthawi ya mankhwala ndi ndalama za geni yake. Mphunzitsi yemwe akufuna kubwerera m'kalasi, telala yemwe zala sizikumvanso singano, wa kabaza yemwe mapazi ali ndi dzanzi, onsewa ndi anthu ake.

Kuipa kwa njirayi ndi mtunda. Koyambira kufunsa ndi m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, komanso ku Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre, yomwe imayendetsedwa ndi bungwe lothandiza anthu olumala la MAP. M'chipatala cha boma simulipira, koma munthu wochokera ku Nsanje, ku Mchinji kapena ku Chitipa amalipira ndi thiransipoti ya anthu awiri, chakudya cha panjira, ndi mphamvu za wodwala yemwe watopa kale. Kukwera minibasi sabata iliyonse kaamba ka OT yekha, mabanja ambiri sangakwanitse, ndipo ine sindingalangize. Chomwe ndingalangize ndi kupha mbalame ziwiri pa ulendo umodzi: tsiku lomwe mwabwera kale kudzalandira kemo kapena kudzaonana ndi dokotala, pemphani kuti akulembereni m'buku la kuchipatala kuti mukaonedwe kwa a OT. Dokotala wa khansa amakhala ndi mzere wautali panja ndipo maganizo ake ali pa chotupa ndi zotsatira za magazi, choncho mukapanda kutchula kuti mayi akulephera kusamba okha, nkhaniyo singatuluke. Safunsa anadya phula. Ndipo musapite chimanjamanja. Jambulani pafoni chimbudzi, bafa, masitepe a pakhomo ndi pophikira, chifukwa wa OT sadzafika kwanu, ndipo malangizo opangira nyumba ya matailosi sathandiza munthu wosambira m'bafa la udzu.

Afizo ndi anzawo a m'zipatala za m'maboma

Apa ndi pomwe anthu ambiri adzathere, chifukwa ndi pafupi. Maphunziro a digiri ya mafizo (physiotherapy) anayamba mu 2010 ku College of Medicine, yomwe kuyambira 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, ndipo kwa zaka zambiri sukulu ya ku Kachere yakhala ikuphunzitsa akatswiri othandizira, omwe amaphunzirako za mafizo ndi za OT zomwe. Ambiri mwa anthu amene mungawapeze m'chipinda cha mafizo pa chipatala cha boma lanu ndi amenewa.

Pali mavuto ena omwe afizo ndiwo oyenera kuyambira, ngakhale wa OT atakhala khomo loyandikana. Phewa lomwe lauma pambuyo pa opaleshoni ya bere ndi limodzi. Lina ndi la wodulidwa mwendo chifukwa cha khansa ya m'fupa, yomwe imakonda achinyamata: chitsa chimafunika kumangidwa bwino ndi bandeji, bondo lisapindike n'kuuma, munthu aphunzire ndodo zoyendera, kenako atumizidwe kokayezetsa mwendo wochita kupanga, monga kumalo omwe anakhazikitsidwa mothandizana ndi bungwe la 500 Miles pa Kamuzu Central ndi pa Mzuzu Central. Wina ndi amene wagona milungu yambiri m'wodi ndipo miyendo yafooka.

Chomwe ndinaona chikuperewera ndi chakuti mafizo amatha kuthera pabedi la kuchipatala. Munthu amakweza mkono ka 10, akuti wachita bwino, abwerera kunyumba, koma mthiko ukumukanikabe. Mankhwala ake ndi kutchula ntchito yeniyeniyo. Musangoti "mkono ukuvuta". Nenani kuti "akufuna azitha kuyanika zovala pachingwe" kapena "akufuna azitha kudzuka pamphasa popanda womukoka". Wafizo wabwino akamva zimenezo amasintha masewerawo kuti aloze kumeneko. Chinanso, muuzeni nthawi zonse ngati madokotala ananena kuti khansa yafika m'mafupa. Fupa lotero limathyoka ndi katundu wochepa, ndipo mafizo ake ndi osiyana.

Gulu la chisamaliro chochepetsa ululu

Mabanja ambiri amaopa khomo limeneli. Akamva za palliative care amati ndiye kuti adokotala atitaya. Ine ndimaona kuti mantha amenewa atilanda zambiri, chifukwa chisamalirochi chikhoza kuyamba munthu akulandirabe kemo, ndipo palibe amene angaphunzire kusamba yekha ululu ukumubaya. Pa Queen Elizabeth pali Tiyanjane ya akuluakulu ndi Umodzi ya ana. Ku Salima kuli Ndi Moyo, yomwe inayambitsidwa ndi namwino Lucy Finch. Zipatala zambiri za m'maboma ndi za mishoni zilinso ndi anamwino ophunzitsidwa ntchitoyi, ndipo amapereka morphine wakumwa, mankhwala amphamvu oletsa ululu, kwa amene akufunikira.

Mphamvu ya gululi ndi yakuti ena mwa iwo amafika pakhomo, kapena amagwira ntchito ndi anthu ongodzipereka a m'mudzi momwemo. Amaona ndi maso kuti chimbudzi chili kutali, kuti wodwala amagona pansi, kuti wosamalira ndi mtsikana wa Fomu 2. Si akatswiri a OT, ndipo sangakuumbireni chogwira dzanja, koma pa khansa yomwe yapita patali, monga ya khomo la chiberekero kapena ya kummero, zomwe zafala kwambiri kuno kwathu, iwo ndiwo oyamba kuwafuna. Mayi yemwe akuchucha ndipo wasiya kukhala pagulu chifukwa cha fungo safunika mafizo poyamba. Afunika mankhwala ochepetsa fungolo, kasamalidwe ka nsalu, ndi munthu womulimbitsa mtima kuti akhalenso pakhonde n'kumasankha nyemba ndi anzake.

Pakhomo penipeni

Njira zitatu zapitazi zimatenga maola ochepa pa mwezi. Maola ena onse wodwala ali ndi ife. Ndiye kusankha kwakukulu kuli pano, pakati pa kumuchitira zonse ndi kuchita naye limodzi.

Kumuchitira zonse kumaoneka ngati chikondi, ndipo pa masiku oyamba pambuyo pa kemo, munthu akusanza ndi kunjenjemera, n'koyeneradi. Koma kukapitirira miyezi, thupi losagwira ntchito limafookerafookera, mfundo zimauma, ndipo mtima umagwa. Kutopa kwa khansa n'kosiyana ndi kutopa kwa kumunda: sikutha ndi tulo. Chodabwitsa n'chakuti kugona tsiku lonse kumakuwonjezera, pomwe kuyenda pang'ono tsiku lililonse kumakuchepetsa. Mphamvu za wodwala zili ngati ufa wa m'thumba m'mwezi wa Januwale, zofunika kuyeza. Asankhe yekha chinthu chimodzi kapena ziwiri zomwe akufunitsitsa kuchita pa tsikulo, azichite nthawi yomwe thupi limakhala bwinoko, kwa ambiri ndi m'mawa, azichita atakhala pansi ngati n'kotheka, ndipo apume asanatheretu. Zotsalazo ndiye ife tithandize. Mawu akuti "asankhe yekha" ndi amene ife tinawaphonya. Tinkaganiza kuti chofunika n'chakuti azakhali azisamba okha, pomwe iwo sankadandaula kusambitsidwa kumsana. Chomwe chinkawawawa ndi mphika.

Dzanzi la m'zala ndi m'mapazi limabwera ndi mankhwala ena a kemo monga paclitaxel, cisplatin ndi vincristine. Liuzeni gulu lopereka kemo likangoyamba, chifukwa nthawi zina amasintha mlingo. Kunyumba, ngozi yake ndi moto ndi minga. Madzi osamba ayesedwe ndi chigongono kapena ndi munthu wina. Mphika ugwiridwe ndi nsalu yokhuthala, ndipo mapazi akhale kutali ndi mbaula m'nyengo yozizira. Asayende wopanda nsapato, ndipo madzulo aliwonse wina ayang'ane kuphazi ngati kuli bala lomwe mwini wake sanalimve. Supuni, mswachi, mpeni ndi cholembera zimagwirika bwino mukazikulunga ndi mphira ya chubu chakale cha njinga kuti chogwirira chinenepe. Mabatani ang'onoang'ono, telala wa pamsika akhoza kuwasintha ndi akuluakulu.

Kutupa kwa mkono pambuyo pochotsa bere ndi anabere a m'khwapa, kapena kwa miyendo mwa odwala khansa ya pakhungu yotchedwa Kaposi, kumafuna chisamaliro cha khungu tsiku ndi tsiku. Kusambitsa, kupukuta bwino pakati pa zala, kupaka mafuta kuti khungu lisang'ambike, kupewa zibangili ndi mphete zothina, ndi kutsamiritsa chiwalocho pamwamba popuma. Mkonowo ugwire ntchito, koma katundu aziwonjezeka pang'onopang'ono: chigubu cha malita 5 m'malo mwa ndowa ya malita 20.

Chimbudzi chokumba ndi mdani wamkulu wa munthu wofooka miyendo, ndipo ambiri amachepetsa kudya ndi kumwa poopa kunjuta n'kulephera kudzuka. Nkhani imeneyi wodwala sayiyamba yekha, makamaka bambo kwa mwana wake wamkazi kapena mpongozi. Mpando wamatabwa wobowola pakati woika pamwamba pa dzenje, ndi mtengo wolimba wozika pambali kuti azigwira, zimabwezera munthu ulemu wake pa mtengo wa matabwa ochepa. Usiku mpando womwewo ukhoza kukhala pafupi ndi pogona, ndowa pansi pake. Kubafa ikani kampando ndi chingwe chogwira. Amene akugonera pansi, kudzuka pamphasa kumadya mphamvu zambiri kuposa kudzuka pabedi, choncho ngakhale bedi lobwereka limasintha tsiku lake. Ndipo amene sakuthanso kudzuka atembenuzidwe pa maola awiri aliwonse kuti asachite zilonda pamatako, m'chiuno ndi pazidendene, koma nayenso asiyiridwe zake: kudzipukuta kumaso, kugwira kapu, kuuza ana za kumunda.

Pali zizindikiro zomwe si za kunyumba konse. Msana ukayamba kuwawa kwambiri, miyendo n'kumafooka kapena mkodzo n'kumavuta, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa chotupa chikhoza kukhala chikupanikiza mtsempha wa mumsana ndipo kuchedwa kumasiya munthu osayendanso. Thupi likatentha kufika madigiri 38 munthu ali pa kemo, usiku kapena masana, nyamukani. Chiwalo chotupa chikafiira ndi kutentha, kapena mwendo umodzi ukatupa mwadzidzidzi n'kumawawa, musathowe, pitani.

Otikita ndi otemera mphini

Achibale adzakulozerani kwa munthu wodziwa kutikita kapena kutemera. Pa chiwalo chotupa ndi khansa, mphini ndi khomo lolowera tizilombo m'thupi lomwe chitetezo chatsika kale, ndipo kutikita mwamphamvu pa fupa lodwala kukhoza kulithyola. Apa ine ndilibe mbali ziwiri zoyeza. Mapemphero, kucheza ndi kusisita mofatsa dzanja la wodwala, zimenezo zipitirire.

Akakhala mwana

Kwa ana muyeso umasintha. Khansa zofala mwa ana athu ndi monga Burkitt lymphoma, yotupitsa nsagwada kapena mimba, chotupa cha impso chotchedwa Wilms, khansa ya m'magazi, ndi ya m'diso yotchedwa retinoblastoma. Ana amenewa amalandira chithandizo makamaka pa Queen Elizabeth ndi pa Kamuzu Central, komwe pulogalamu ya Global HOPE ya chipatala cha Texas Children's imathandiza, ndipo amatha milungu kapena miyezi ali m'wodi ndi mayi kapena agogo. Wamkulu amalimbana kuti abwezeretse zomwe ankadziwa kale. Mwana amataya zomwe akanaphunzira nthawi imeneyo: wa chaka chimodzi amachedwa kuyenda, wa Sitandade 2 amatsalira kuwerenga.

N'chifukwa chake kwa mwana ndimaika wa OT kapena wafizo patsogolo kwambiri kuposa kwa wamkulu, ndipo nthawi yabwino yomufuna ndi mwana akadali m'wodi, pomwe mulibe thiransipoti yolipira. Vincristine amagwiritsidwa ntchito pa khansa zambiri za ana, ndipo amatha kufooketsa phazi moti mwana amalikhwekhwereza, amapunthwapunthwa, kapena amayamba kuyendera zala. Manja nawo amalephera pensulo. Mayi amaona zimenezi msanga kuposa wina aliyense, ndipo akazinena msanga, kuwongola kapando ka phazi tsiku ndi tsiku kapena chogwira phazi kumateteza kuti lisaume. Mwana wochotsedwa diso amavutika poyamba kuyeza kutalika kwa sitepe kapena kuthira madzi m'kapu, koma amazolowera akamapatsidwa mpata, ndipo diso lotsalalo lifunika kulitchinjiriza ku miyala ndi timitengo.

Mwana simungamuuze kuti akweze mkono ka 10. Mafizo ake ndi masewera. Kutola nyemba kapena zitsekerero za mabotolo, kuumba ng'ombe ndi phala la ufa, kusewera bawo kapena ndado, kuponyerana mpira wa mapepala ali pabedi, kuimba ndi kuwomba m'manja. Masiku omwe magazi atsika, anamwino adzakuuzani kuti apewe masewera ogundana ndi gulu la ana a chimfine, ndipo zimenezo zitsatidwe. Koma kumubereka kumbuyo tsiku lonse mwana woti angathe kukwawa, kapena kumudyetsa wa zaka 7 woti angathe kugwira mbamu, kumamubweza m'mbuyo. Kwa mwana wolephera kukhala tsonga pali mipando yopangidwa ndi makatoni, mapepala ndi phala la ufa, luso lomwe linayambira ku Zimbabwe ndi Bevill Packer. Imalimba ndithu bola isanyowe, ndipo a OT ndi afizo ena amadziwa kuipanga molingana ndi msinkhu wa mwana.

Pobwerera kusukulu, palibe katswiri angalowe m'malo mwa kholo lomwe lapita kukakhala pansi ndi aphunzitsi. Auzeni kuti khansa si yopatsirana, kuti mutu wopanda tsitsi ndi wa mankhwala, kuti mwanayo ayambe ndi theka la tsiku, akhale kutsogolo ngati diso kapena khutu lavuta, ndipo asapatsidwe chibalo chotchetcha kapena kukumba. Pemphaninso kuti m'kalasi mukabuka chikuku kapena nthomba akudziwitseni msanga.

Mungayambire pati

Ululu ukakhala waukulu kapena khansa yapita patali, yambani ndi gulu lochepetsa ululu, zina zonse zibwere pambuyo. Vuto likakhala la mfundo youma, mwendo wodulidwa kapena kuyenda, yambani ndi afizo a pafupi nanu. Likakhala la manja, la kutopa, la kuiwala, la kubwerera kuntchito kapena la mwana yemwe akutsalira, limbikirani kuti muonane ndi wa OT ngakhale kamodzi kapena kawiri pa ulendo wa kemo, wosamalira weniweni akhalepo, ndipo zomwe mwaphunzira mukazipitirize pakhomo.

Ife tinaonana ndi wa OT kawiri kokha, ndipo afizo a pa chipatala cha boma lathu anagwira phewa kwa miyezi ingapo. Mkono wa azakhali sunabwerere mwakale, ndipo dzanzi la chala chachikulu lilipobe. Nsima ya banja lonse amaphika mdzukulu wawo. Koma tinagula kamphika kakang'ono, tinatsitsa mafuwa, tinakulunga mthiko ndi mphira, ndipo masana aliwonse amakhala pakampando n'kuphika nsima ya anthu awiri, mdzukuluyo atawagwirira mphika. Ndikapita kukawaona amandiletsa kulowa m'khitchini mpaka atapakula.